Mmene ndinaphunzirira kuyang'ana apongozi kumaso

Kale, nthawi ya thangata, ndisanayambe kuyendera ndodo iyi, kunali zaka zimene ine ndinkayankha dzina losakhala langa. Wandikumbutsa ndi iwe Tadala, ndi nkhani yako ya kusukulu ija, ya anthu a ku Amereka otchedwa Acheroki, amene anavala zovala za azungu, napemphera mapemphero awo, naphunzira kulemba, koma pamapeto pake azunguwo anawachotsabe pa dziko la makolo awo nawayendetsa ulendo wautali. Wainena motsitsa mawu ngati ukuopa kuti ndikuseka, koma sindingakuseke mwanawe. Anthu amenewo sindinawaonepo, ndipo ku Amerekako sindidziwa kuti dzuwa limatulukira mbali iti, koma nkhani yawoyo ine ndinagona nayo nyumba imodzi. Sendezani lichero kuno, manja azisenda nandolo ine ndikulankhula.

Agogo anu aakazi, malemu Esinati, sanabadwire kuno ku Mauwa ayi. Kwawo kunali cha ku Magomero, m'mudzi wina wa m'mphepete mwa kamtsinje, m'kati mwa esiteti ya mzungu amene tinkamutcha Chipewa, poti palibe anamuonapo mutu uli pamtunda. Malowo anali a mbumba yawo kuyambira kalekale, ndipo agogo awo ndi amayi a agogo awo anagona pomwepo, m'kamsitu ka manda kuseri kwa mudzi. Koma pamene ine ndinkafika, dziko lonselo, minda, madimba, mitengo, linali kale la mzungu pa mapepala a boma, ndipo eni ake anali atasanduka anthu okhala mwa chilolezo. Ukafuna kukhala, mwamuna wa pakhomopo azikagwira thangata, ndiye kuti ntchito ya m'munda wa bwana yolipirira pamene wakhalapo. Ukafuna kudula mtengo, upemphe. Ukafuna kumanga nyumba, upemphe. Inu lero mumadandaula kuti minda yachepa, ndipo n'zoona yachepadi, koma simudzuka m'mawa kukapempha munthu kuti muzike mtengo pakhomo panu.

Apongozi anga aamuna, a Yotamu, anali munthu woganiza kwambiri, ndipo maganizo awo anali akuti mzungu amathamangitsa munthu amene akumuona ngati wa kutchire. Ankati, "Tikafanana naye, adzachita manyazi kutichotsa." Choncho anaphunzira kuwerenga ku mishoni ali munthu wamkulu kale, atakhala benchi limodzi ndi tiana, anasiya mowa, analima fodya wa mizere yowongoka namugulitsa kwa bwana yemweyo, ndipo anapempha chilolezo naumba njerwa, naziwotcha, namanga nyumba ya mazenera, yoyamba ya mtundu umenewo m'mudzi monsemo. Lamulungu ankavala jekete ndi nsapato, nsapatozo zikuwaluma, ndipo akafika pakhomo ankazivula n'kuviika mapazi m'beseni. Anthu ankawaseka, koma chamumtima, chifukwa aliyense ankati mwina mkuluyu ndiye waona njira.

Ana awo amene anakula anali awiri okha, Laisoni ndi Esinati. Laisoni anapita ku Halale kukafuna ntchito akadali mnyamata, anatumiza bulangete kamodzi, ndipo kuyambira pamenepo kunangoti zii. Motero mtima wonse wa apongozi anga aakazi, Anachisale, unali pa Esinati, pakuti mukudziwa kuti kwathu kuno munda umatsata mwana wamkazi, ndipo mwamuna ndiye amanyamuka kukakhala kwa mkazi ngati mkamwini.

Esinatiyo ndinamuona koyamba pamsika, mvula itangoyamba. Aliyense ankathamangira pakhonde pa sitolo, koma iye anavula nsalu yake ya pamwamba n'kufunditsa dengu la ufa la mayi wina wokalamba amene sankamudziwa n'komwe, iye mwini n'kunyowa. Ndinafunsa anthu kuti kwawo n'kuti, ndipo zina zonse zinayenda monga mwa masiku amenewo: ankhoswe anakumana, ukwati unadalitsidwa kutchalitchi, kunangotsala kuti ine ndimange kanyumba kanga pakhomo pa apongozi. A Yotamu anavala jekete napita okha kukapempha chilolezo, ndipo anabwerako dzuwa likadali pamutu. Bwana anali atawayankha mwachidule kuti, "Nyumba zakwana. Mkazi apite kwa mwamuna wake, monga achitira anthu onse."

Monga achitira anthu onse, mwamva? Iye ankayesa dziko lonse limakwatira ngati kwawo.

Ankhoswe anakhalanso pansi, ndipo amalume anga anati palibe chovuta, timutenge mtsikanayu chitengwa, akakhale kwathu ku Mauwa. Anachisale sanali pabwalopo, poti ine ndinalipo, koma anayankha ali kuseri kwa mpanda, ndipo mawu awo ndimawamvabe. Anati, "Mukamutenga, a Yotamu likadzawakanika khasu, adzagwire thangata pakhomo pano ndani? Nyumba yopanda mwamuna wogwira ntchito amaigwetsa, inu mukudziwa. Tikadzachoka ife, amayi anga atsale okha m'msitumo? Mwana wanga sachoka." Zimene ananenazo zinali zoona zokhazokha. Esinati akachoka, malo a mbumba atha. Ine ndikamanga popanda chilolezo, atithamangitsa tonse.

A Yotamu ndiwo anatulukira nzeru. Anati, "Bwana amadziwa kuti ndili ndi mwana wamwamuna ku Halale, koma nkhope yake saidziwa, pakuti kwa iye tonsefe nkhope ndi imodzi. Kapitawo wakale wachoka, watsopanoyu ndi mlendo. Laisoni wabwera, basi." Anandiloza ine. Ndinaseka, ndimayesa nthabwala, koma palibe anaseka nane. Ndi mmene ine Filipo ndinasandukira Laisoni. Nyumba yatsopano sinamangidwe. Ndinangofolera udzu pa gowelo lakale la Laisoniyo n'kulowamo. Za mmene Esinati ankapezekera m'menemo musandifunse, ndinu ana.

Mudzi wonse unkadziwa, ndipo mudzi wonse unatseka pakamwa, ngakhale amene ankadana ndi a Yotamu chifukwa cha mazenera aja. Koma kutseka pakamwa kwa mzungu sikutseka pakamwa kuchitsime. Amayi ankamufunsa Esinati, "Iwe, achimwene akowa akukonda bwanji, mpaka kukutemera nkhuni? Anga ine sanditemera ngakhale kakhuni kamodzi." Wina n'kuti, "Ndi chikondi cha ku Halale chimenecho, kuno sichinafike." Esinati ankangoweramitsa mutu n'kumatunga madzi.

Tsono apa mumvetsetse, chifukwa inu a masiku ano simungazione zovuta. Dzulo lomweli ndaona mwamuna wa mbale wanu Chisomo atakweza apongozi ake pa njinga yamoto, iwo atamugwira m'chiuno, akuseka onse awiri, ndipo ine sindikuti n'kulakwa, nthawi ndi yawo. Koma kale mkamwini sankayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, sankadya iwo akuona, sankakhala nawo mphasa imodzi, ndipo akafuna kuwauza kanthu ankatuma munthu kapena kulankhula atayang'ana kumbali. Mukakumana panjira, wina ankapatuka. Sichinali chidani ayi, unali ulemu, ndipo unkalowa m'mafupa kuyambira uli mwana, ukuona abambo ako akuchita zomwezo. A Yotamu anaganiza za dzina, anaganiza za gowelo, koma za chimenechi sanaganize, ndipo ifenso tonse sitinaganize, chifukwa chinthu chimene umachita osadziwa suchiwerengera.

Tsiku lina m'mawa ndinali kupita ku thangata, kapitawo watsopano uja ali pambuyo panga. Dzina lake anali Che Saidi, Msilamu wa cha ku Mpama, munthu wamtali wosalankhulalankhula. Kanjira kanali kakang'ono, chimanga uku ndi uku, ndipo potembenuka pa chulu ndinangoona Anachisale akubwera, mtsuko uli pamutu. Ana inu, miyendo yanga sinandifunse. Ndinangozindikira ndili m'chimanga, nditagwada, nkhope nditalozetsa kwina, ndikuwomba m'manja pang'onopang'ono. Nawonso anali atalowa m'chimanga cha mbali inayo, nsalu ili kumaso, madzi akutayikira pamsana. Panjira panatsala Che Saidi okha.

Anayang'ana kumanzere, nayang'ana kumanja, ndipo anati, "Laisoni, ku Halaleko amaphunzitsa kuthawa amayi ako okubala?"

Anasendera pafupi ndi pamene ndinagwada.

"Tulukamo. Ine ndine Myao, koma nafenso tili nawo apongozi, ndipo kugwada kumeneko ndimakudziwa." Kenaka anati, "Ine sindinaone kanthu, ndimayang'ana chimanga, chabereka bwino chaka chino. Koma bwana ali ndi kalaliki, ali ndi alonda, ndipo amenewo sayang'ana chimanga. Kaphunzireni." Atatero anawerama, natola nkhata imene inawagwa Anachisale, naikung'untha fumbi, naipachika pa phesi poti aione potuluka. Tinapitiriza ulendo, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso mpaka kalekale.

Madzulo ake a Yotamu anayala mphasa kuseri kwa nyumba, kumene anthu odutsa sangaone, naika mbale ya chinangwa pakati, natiitana tonse awiri. Anayamba sukulu, iwo ndiwo aphunzitsi. "Khalani apa. Inunso apa. Laisoni, yang'ana amako." Ine ndinayesa kudzutsa mutu koma khosi linakana. Tsiku limenelo ndinaona mapazi awo okha, zidendene zong'ambika ndi ulimi. Tsiku lina ndinafika pa manja, ndinaona chipsera cha chikwakwa pa chala chachikulu. A Yotamu ankapsa mtima, amvekere, "Kodi ndinu mkwatibwi? Ine ndinakhala benchi limodzi ndi ana amamina kuphunzira A ndi B, inu kukanika kuyang'ana nkhope ya munthu?"

Amene anandithandiza ndi Anachisale eni ake, ngakhale kwa iwo kunali kovuta kuposa kwa ine. Anayamba kukhala chammbali, akusankha nyemba m'lichero, maso ali pa ntchito yawo, kuti ine ndizolowere kuwayang'ana iwo asakundiyang'ana. Akafuna kudzutsa mutu ankayamba atsokomola pang'ono, kundichenjeza kuti ndikonzeke. Palibe anawauza kuti azitero, ndipo sitinakambiranepo, koma ine ndinkadziwa kuti chifuwa chimenecho si cha matenda.

Chovuta kwa iwo chinali dzina. Anayenera kunditchula Laisoni, ndiponso kunditi iwe. Tsiku loyamba anati, "A Laisoni, tadyani."

A Yotamu anati, "Mwana wako wobala wekha umamuti a Laisoni? Bwereza."

Anachisale anabweza m'lichero nyemba zimene zinali m'manja. Kenaka anatsokomola, nadzutsa mutu, nandiyang'ana, ndipo aka kanali koyamba kuti maso athu akumane. Anati, "Laisoni, iwe, idya, wawonda." Mawu otsirizawo anatuluka osweka. Anaika lichero pansi, naimirira, napita kuseri kwa nkhokwe, ndipo tinkangomva mphuno. Esinati anabwera kudzachotsa mbale. A Yotamu anayang'ana pansi nati, "Lero zakwana." Ndi pamene tonse tinazindikira kuti dzina limene tinkabwerekalo linali la munthu, ndipo munthuyo anali ndi mayi wake.

Kuyambira pamenepo anayamba kundiphunzitsa za Laisoni, amati kuti wina akadzandifunsa ndisadzasowe chonena. Laisoni ankagwira khasu chamanzere, Laisoni ankaimba mluzu akamasenda nzimbe, Laisoni anagwa mumtengo wa mango ali wamng'ono nabisa mkono wotupa masiku angapo, Laisoni sankadya therere. Palibe mzungu akanandifunsa zimenezo, ine ndinkadziwa, koma ndinkamvetsera, chifukwa ndinaona kuti mayiyo anali atasowa womuuza. Therere ndinasiya kudya pagulu, chonsecho ndinkalikonda kwambiri, ndipo iwo atazindikira ankamupatsa Esinati kambale kovundikira kuti andibweretsere m'gowelo.

Mayeso anafika nthawi yowerenga nyumba. Chipewa anabwera yekha ndi kalaliki wake, Che Saidi ali pambuyo, ndipo atafika pakhomo pathu anandiloza ndi ndodo yake, "Uyu ndani?" A Yotamu asanayankhe, Anachisale anatuluka m'khitchini, nandigwira khutu, nalipotoza. "Mtchona uyu, bwana. Zaka zonsezi osatumiza ngakhale mawu, amake kumalira kuno, lero wabwera chimanjamanja ndi njala yake. Mumugwiritse ntchito zedi." Mzungu anaseka mpaka chipewa kugwedezeka, kalaliki anasekanso, ndipo anapitirira ku nyumba ina. Khutu linandipweteka mpaka m'mawa mwake. Esinati ankati amayi anachita kuwonjeza, koma ine ndikuganiza kuti khutu limene ankapotozalo silinali langa.

Tinapambana, ana inu, ndipo tinayesa kuti zatha. Ndinagwira thangata m'malo mwa a Yotamu, fodya wathu anali wabwino, kutchalitchi sitinkajomba. Esinati ataima, tinafalitsa kuti mwamuna wake wa ku migodi anabwera kudzacheza nabwerera, ndipo amayi a kuchitsime anapeza nyimbo yatsopano. Mwana anabadwa wamkazi, amayi anu aakulu a Lute amenewa, ndipo ine ndinkamunyamula pagulu ngati malume ake. Zinkandiwawa, sindinama, koma ndikaona Anachisale atamubereka, akuyenda naye cha kumphepete kwa msitu uja, akumuuza mayina a amene agona m'menemo ngati khandalo likumva, ndinkati palibe kanthu, malo apeza mwini wake.

Zinapita zokolola zingapo. Tsiku lina masana Che Saidi anafika pakhomo, tinawayalira mphasa koma sanakhale. Anavula kofia naipindapinda m'manja, nati bwana akufuna mbali yonse ya kuno kwa mtsinje, abzalepo bulugamu wa nkhuni zowotchera fodya. Nyumba zonse zichoke, ya udzu ndi ya njerwa chimodzimodzi. Ine ndinati mwina atigwira, koma Che Saidi anapukusa mutu. Palibe anatiulula, palibe anatifufuza. Bodza lathu lonse lija, kuphunzira konse kuja, khutu langa lija, mzungu analibe nazo ntchito. Iye ankangoona dothi labwino pafupi ndi madzi.

A Yotamu anavala jekete ndi nsapato, ndipo ulendo uno ndinawaperekeza ngati mwana wawo. Chipewa anatilandira bwino, anawapatsa mpando, chinthu chimene sankachitira munthu wakuda aliyense, ndipo Chinyanja ankachilankhula chomveka. A Yotamu anafotokoza zonse mwaulemu, kuti sanaphonyepo thangata, kuti msonkho amakhoma, kuti amawerenga, kuti nyumba yawo ndi ya njerwa.

Iye anati, "Yotamu, ndiwe munthu wabwino, ndipo sindinakupeze cholakwa. Koma malo ndi anga, ndipo ndawafuna."

"Nanga nyumba ija, bwana?"

"Njerwa ndi zako. Unyamule."

"Nanga manda?"

"Mitengo ya kumanda sindidula. Mukafuna kudzaona, muzipempha."

Pobwerera, titangotuluka pa geti, a Yotamu anakhala pa mwala navula nsapato, nazimanga zingwe pamodzi, nazikoleka paphewa. Tili pafupi ndi mudzi ndi pamene ananena mawu amodzi okha, osayang'ana ine. Anati, "Ndimayesa tafanana." Iwe Tadala, Acheroki akowo ayenera kuti analipo wina amene ananena mawu omwewo m'chilankhulo chawo.

Ena m'mudzimo anafuna kukana, ena anapita kukadandaula ku boma, koma anabwerako ndi yankho lakuti mwini malo ali ndi pepala. Che Saidi anachita chimene akanatha: ankauza bwana kuti mbande za bulugamu sizinakhwime, sabata ino sizinakhwime, sabata yamawa sizinakhwimebe, mpaka nandolo wathu anauma tinakolola. Kenaka tinayamba kuphwasula nyumba. Inu mumaona anthu akumanga, koma simunaone munthu akuphwasula nyumba yake yomwe, njerwa imodziimodzi, akupala dothi ndi chikwanje kuti isasweke. A Yotamu sanalole wina kukhudza mazenera, anawachotsa okha. Tinasenza njerwazo pamutu, ulendo ndi ulendo, kuchoka kumeneko kudzafika kuno, ine, Esinati mwana ali kumsana, ndi abale anga amene anabwera kudzatithandiza, ndipo zambiri zinaswekera m'njira. Tsiku lotsiriza Anachisale anatenga tsache napita kumsitu ndi Esinati, anakasesa, nabwerako. Sanalire mokuwa ayi. Anangomanga mitsuko yawo m'nsalu nati, "Tiyeni."

Kuno ku Mauwa nanenso ndinalibe munda, pakuti ndine mwamuna, minda inali ya alongo anga. Achemwali anga a Delifa ndiwo anali ndi kamunda aka, ndipo sikanali kakakulu, ana anali nawo ambiri. Sanadikire kuti tipemphe. Tisanatule n'komwe katundu, anali atazika kale zikhomo kuyambira pa chulu mpaka pa mtengo wa mango, ndipo anauza ana awo kuti mbali imeneyo azitchula kuti munda wa Anachisale, kuti munthu wamkulu asachite kugwada pofunsa polima. A Yotamu anamanga kanyumba ndi njerwa zotsalazo, koma mazenera sanaikemo, anangowatsamiritsa kukhoma m'kati, ndipo sanakhale nafe zaka zambiri.

Ine tsono ndinati, pano ndi kwathu, bodza latha, ndabwerera kukhala Filipo, mwana wanga anditche bambo, ndipo ulemu ubwerere m'malo mwake. Abale anga anali atayamba kale kunong'onezana ataona ndikulandira chikho cha madzi m'manja mwa apongozi. Ndinaganizanso kuti mayiyu walandidwa zonse, ndiye ine ndimubwezere ngakhale ulemu wake wokhawo. M'mawa wina ndinakumana nawo pa kanjira ka kuchitsime, kameneka kodutsa kumunsi kwa dimba, ndipo ulendo uno ndinachita dala: ndinapatuka, ndinalowa m'udzu, ndinagwada nkhope nditalozetsa kwina.

Ndinamva mtsuko ukutulidwa pansi.

"Mukupita kuti?"

"Ndimati ulemu, amayi. Kuno kulibe mzungu."

"Tulukanimo."

Ndinatuluka, maso ali pansi. Sanatsokomole tsiku limenelo. Anati, "Munda ndasiya. Amayi anga ndawasiya pakati pa bulugamu. Mwana wanga anandisiya yekha. Inunso mundithawire m'tchire? M'mudzi muno nkhope imene ndikuidziwa ndi yanu." Anakonza nkhata pamutu nati, "Nditwikeni mtsukowu."

Ndinawatwika titayang'anana, amayi awiri a m'mudzi muno akuona, ndipo pofika masana nkhani inali ponseponse yakuti Filipo ndi apongozi ake alibe mwambo. Amalume anandiitana kudzandidzudzula, ndinawamvera mpaka anamaliza, koma sindinapatukenso. Anachisale ankanditcha a Filipo, ankanditi inu, koma tinkakhala mphasa imodzi, ndipo zaka zawo zotsiriza, akadwala mutu n'kusokonezeka, ankaitana, "Laisoni, iwe," ine n'kuyankha. Laisoni weniweniyo sitinamve za iye mpaka lero.

Patapita nthawi boma linagula malo aja kwa azungu n'kuwagawira anthu, koma anagawira amene anali pafupi ndi amene anachokera kwina kothinana, ife tinali titalembedwa kale kuti ndife a ku Mauwa. Anachisale, ali okalamba kwambiri, anandituma kuti ndikaone. Ndinapalasa njinga, ndinapeza zitsa za bulugamu, ndi nyumba za anthu osawadziwa, osauka ngati ife tomwe. Mayi wina amene ankalima pamene panali khomo lathu anandipatsa madzi akumwa, nandiperekeza mpaka kumsitu, naima patali kundidikira, koma sankadziwa kuti agona m'menemo ndani, ndipo ine ndemwe milu ina sindinathe kuizindikira. Ndikanamuuza chiyani, kuti choka? Nditabwerako apongozi anandifunsa funso limodzi lokha, "Mtsinje ulipo?" Ndinati ulipo. Anati, "Chabwino." Sanapiteko, ndipo anagona kuno, m'manda a abale anga, pakati pa anthu amene sanali a mtundu wawo.

Ndatopa tsopano, mpweya sukundikwanira ngati kale. Sukulu phunzirani, ana inu, Chingerezi lankhulani, nyumba za njerwa mangani, zonsezo n'zabwino ndipo a Yotamu sanalakwe kuzifuna. Kungoti musamayese kuti wamphamvu akafuna chako amayamba wayang'ana ngati wavala nsapato. Chimene chinatisunga ife si zimenezo, koma anthu amene anatisunthira pang'ono pamene iwonso panali powachepera. Ndamva kuti chaka chino mwakangananso ndi zidzukulu za a Delifa chifukwa cha mzere wa m'malire uja, mpaka kuzulirana chinangwa. Sindikufuna kudziwa kuti anayamba ndani. Mukapita kukalima mawa, mzere umenewo muusiye. Akaufuna iwo, alime. Agogo awo anatilandira tili ndi njerwa pamutu, ndipo mpaka anamwalira sanatifunsepo kuti tidzachoka liti.